Tsiku Limene Ndinajambula Epuloni

Ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ati adzukulu adzadziwe kuti agogo awo sanabadwe ali pakhonde n'kumakangana ndi wailesi. Chabwino, ndalemba. Za ubwana ndidumpha, poti palibe chanzeru chimene ndinachita kupatula kubwereza Sitandade 7 mpaka aphunzitsi anayamba kundipatsa moni ngati mnzawo. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Pamene ndalakwitsa kalembedwe musakonze, mukakonze za ana anu.

Old Town, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ndinalowa ntchito pachipatala china ku Old Town ngati wokolopa. Mopu ndinkaigwira bwino, koma pakamwa panga pankagwira ntchito kuposa manja. Odwala a pamzere wa ekisire ndinkawauza kuti makinawo amaonetsanso zimene munthu wadya kwa eni ake, ndiye amene waba nkhuku aulule msanga. Tsiku lina mkulu wa chipinda cha ekisire anandimva. Anali a Gondwe, munthu wa ku Rumphi, wamtali, wovala tayi ngakhale mu Okutobala, mkulu wa mpingo wosadziwa kuseka ndi mano. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu nati, "Iwe Lufeyo, pakamwa pako pakuthamangitsa odwala anga. Ndikuika malo amene kulibe wokumvera." Malo ake anali chipinda chamdima, motsukira mafilimu.

Kanali kachipinda kopanda zenera, konunkha ngati viniga wogonera, kokhala ndi nyali imodzi yofiira yomwe inkangokuonetsa kuti manja ako alipo. Filimu ikachoka ku makina inkabwera m'kaseti, ine n'kuitulutsa mumdimamo, kuiviika m'thanki yoyamba, kuitsukuluza, kuiviika m'thanki ina, n'kuiyanika. Tsiku lachitatu ndinagwetsa filimu pansi. Ndinafufuza ndi manja, ndinafufuza ndi mapazi, osaipeza. Nthawi imeneyo ndinkasuta, ndiye m'thumba munali machesi. Ndinangoti khwee, kamphindi chabe, n'kuiona ili pansi pa benchi. Ndinadziyamikira nzeru. Koma patebulo panali mafilimu a anthu anayi osatsuka, ndipo onse anatuluka akuda bii, ngati tajambula mkati mwa thumba la makala. Anthu anayiwo anajambulidwanso, mmodzi gogo wa ku Mitundu amene basi inamusiya chifukwa cha ine.

Ndinadziwa kuti ndabwerera ku mopu, kapena kumudzi kumene. Koma a Gondwe sanakalipe. Nthawi ya nkhomaliro anandiitanira pakhonde, natenga envulopu yakale, najambula mzere wautali.

"Nyali yofiira ija yayaka m'mawa wonse, filimu siinaonongeke. Machesi ako kamphindi, yaonongeka. Chifukwa?"

"Machesi ndi otentha, bwana."

"Yayi. Unayatsa filimuyo?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye khala pansi, utseke pakamwa, ngati pamatsekeka."

Anandiuza kuti kuwala kumene timaona ndi kachidutswa kakang'ono ka chinthu chachikulu, ngati ulusi umodzi pa bulangete lonse. Chonsecho ndi cheza, chimayenda ngati mafunde. Ena ataliatali ndi ofatsa, ena afupiafupi ndi aukali. Mutu wanga sugwira za m'mabuku, ndiye ndinazisandutsa ana a mimba imodzi, ndipo mpaka lero ndimazisunga choncho. Woyamba kubadwa ndi funde la wailesi, wamiyendo yaitali, amalowa m'nyumba ya aliyense osaodira, kudzakuuza za mpira ndi za maliro, koma sanamenyepo munthu. Womupondera ndi maikulowevu, amene nthawi imeneyo ndinkangomumva dzina, lero ndi uja amayi anu amafunditsira tiyi woiwalika. Kenako pali uja umamumva pankhope ukayandikira mbaula usanaikhudze. A Gondwe ankamutcha infuraredi. Pakati pa banjalo ndi pamene pali mwana yekhayo amene maso athu amamuona, kuwala, kuyambira kofiira mpaka kobiriwira ngati kwa bulu wochapira ndi kupitirira pang'ono. Kofiira ndiko kofooka, n'chifukwa chake filimu siikumva. Machesi anga anali ndi mitundu yonse, ndi yamphamvu yomwe.

"Kuchokera apa kupita kuno," a Gondwe anagogoda envulopu ndi cholembera, "kuli ana osaleredwa." Woyamba mwa iwo amabwera ndi dzuwa, amawaula khungu, ndiye amazunza abale athu achialubino, ndi yemwenso amatupitsa maso a anyamata owotcherera zitsulo osavala magalasi. Wotsatira ndi wathuyu, ekisire, amene amadutsa mnofu ngati palibe kanthu, n'kukakakamira pafupa. Chitsirizira ndi gama, waukali kuposa onse, amene kunja amawotchera khansa. Atatu amenewa amatha kuthyola tinthu ting'onoting'ono ta m'kati mwa thupi. Ndipo ekisire alibe fungo, sawotcha, sayabwa. Umatuluka m'chipinda ukuseka, osadziwa kuti wakudutsa.

"Ndiye amaimitsidwa ndi chiyani, bwana?"

"Mtovu, khoma lochindikala, ndi kutalikira. China ndi nzeru, koma zimenezo sindingakugulire."

Ndinakhala ndi a Gondwe zaka khumi ndi zinayi. Zinali zaka zosowa. Mafilimu akachepa tinkadula lalikulu pakati mumdima, dzanja la munthu uyu theka, phazi la uyo theka. Mankhwala otsukira tinkawagwiritsa mpaka aoneke ngati tiyi wa pamaliro. Anzathu ophunzira ankapita kunja mmodzimmodzi, ndiye a Gondwe, posowa pogwira, anayamba kundiphunzitsa makina enieniwo: kuimika munthu, kuchepetsa bwalo la cheza kuti lisagwere posafunika, kufunsa mayi aliyense ngati ali woyembekezera, kuima kuseri kwa chotchinga podina batani. Panali epuloni yolemera ngati mwana wa mbuzi, yokhala ndi mtovu m'kati, yovala amene akuyenera kutsala m'chipinda. Lamulo lake linali limodzi: imapachikidwa, siipindidwa. Ndinaphunziranso nyimbo ya ntchitoyo: "Kokani mpweya, gwirani, osapuma... pumani." Tsiku lina ndinaiwala mawu otsirizawo kwa agogo ena aakazi, ndinapita kukatsuka filimu. Pobwera ndinawapeza maso ali tong'o, akadagwirabe. Anandiuza mawu amene sindingalembe m'buku la adzukulu.

City Centre, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Makiliniki olipira atayamba kuchuluka, dokotala wina anadzandinyengerera kuti ndipite kwake ku City Centre. Dzina lake ndisiya. Ife tinkamutcha Kwikikwiki, poti chilichonse kwa iye chinali "quick, quick". Sanali munthu woipa mtima, ndinene zoona. Jakisoni wake sunkamumva, ndipo osauka ena ankawaona ulele. Koma chinthu chimene sichikuoneka ndi maso, kwa iye chinali cha mawa. Anafuna munthu wodziwa makina koma wopanda pepala, ndipo inu mukudziwa chifukwa chake. Ine ndinali ndi ana anayi, ndinavomera.

Kumeneko odwala ankabwera pagalimoto, ochokera ku Area 10, Area 12, Area 43. Anthu ophunzira, koma pa nkhani ya cheza tinali kalasi imodzi. Mayi wina anandiuza kuti anataya maikulowevu yake poopa khansa, ndipo foni ya m'manja, zimene zinali zitangofika kumene, salola kuti igone kuchipinda. Mayi yemweyo ankafuna ekisire mwana akangotsokomola kawiri. Ndinamuuza kuti, "Madamu, mwathamangitsa ana ofatsa a m'banjamo, mwatsala mukuitana chigawenga kudzamwa tiyi." Sanamve, koma anaseka, n'kundisiyira botolo la Fanta.

Pakilinikipo panali mayi wokolopa, aNachisale, wa kumudzi kufupi ndi Nathenje, wokhala ku Chinsapo. Mayi wa Mvano, waukhondo woopsa, woti akapukuta tebulo umachita manyazi kuikapo chigongono. Anali ndi mphatso imodzi: mwana aliyense wolira, akamunyamula iwo, ankangoti zii. Mwana wamng'ono sajambulika akuphiriphitha, pamafunika womugwira. Makolo a m'ma Area muno sankafuna kulowa m'chipinda. Bambo ali pafoni, mayi akuti sangapirire kuona mwana akulira. Ndiye chizolowezi chinali chakuti mwana akangoyamba kukuwa, aliyense ankaitana, "ANachisale! Ku ekisire!" Iwo n'kusiya mopu, kuvala epuloni, kugwira mwana, ine n'kudina. Ndinachipeza chizolowezicho, ndipo ndivomere, ndinachisiya momwemo zaka ziwiri, podalira epuloni ija. Masiku ena ankalowa kangapo dzuwa lisanapendeke.

Tsiku lina ndinawapeza kuseri akudya ndimu ndi mchere, nkhope itakwinyika koma osasiya.

"Mayi, ndimu imeneyi mukudya nokha, kapena pali wina wakutumani?"

Anadzidzimuka, n'kuyang'ana uku ndi uku. "A Lufeyo, pakamwa panupo. Ndagwira mwendo wanu."

"Miyezi ingati?"

"Iwiri. Musauze munthu. Mukudziwa zimene zinachitikira mnzanga amene ndinalowa m'malo mwake. Mimba itangooneka anamuuza kuti akapume, mpaka lero akupumabe. Abambo akunyumba ntchito ya ulonda ku Area 14 inatha. Ndikachoka pano tidya chiyani?"

Kenako ananena motsitsa mawu kuti mimba ziwiri zam'mbuyo zinapita padera, ndipo apongozi ayamba kale kulankhula. Iyi, anatero, akuipempherera m'mawa ndi madzulo. Ndinalonjeza kuti sindiuza munthu. Ndinawauzanso kuti asiye kulowa ku ekisire. Anakana. "Okolopa ali mbwee pamsewu. Chimene adokotala amandisungira ndi anawa. Ndikakana afunsa chifukwa. Komanso si ndimavala chovala chanu cholemera chija? Ndimachisamala ngati yunifomu ya kutchalitchi."

Mawu amenewo ndinawamvetsa m'mawa wotsatira. Ndinapeza lifiti, ndiye ndinafika molawirira kuposa masiku onse. Pachitseko pamene ndinkapachika epuloni panalibe kanthu. Ndili chiimire, aNachisale anatsegula kabati n'kuitulutsa itapindidwa bwinobwino, kanayi, ngodya ndi ngodya, pamwamba atasanjikapo mabuku a odwala kuti iwongoke.

"Mayi, mukutani?"

"Ndikukupachikirani, poti mumakonda kuipeza pachitseko. Madzulo ndimaichotsa. Chinthu chodula chotere chingagone pafumbi? Mphemvu zake?"

"Munayamba liti?"

"Chilowereni ntchito. Bwanji, ndalakwa?"

Sanalakwe mwa kufuna. Chovala chaulemu kwathu kuno chimapindidwa, ndipo palibe anawauzapo china. Wolakwa ndinali ine, amene ndinkaweruka n'kumapita osafunsa kuti m'mbuyo mwanga mumachitika zotani. Koma mtovu wa m'kati mwa epuloni ndi wopyapyala, ukapindidwa malo amodzimodzi umathetheka, pomwe nsalu yakunja ikuonekabe yatsopano. Ndinatseka chitseko, ndinayala epuloni pamwamba pa kaseti yaikulu, ndinaima kuseri, ndinadina. Epuloni yabwino filimu yake imatuluka yoyera mbee, poti cheza sichinadutse. Yanga inatuluka ndi mtanda wakuda, mzere woimirira ndi wopingasa, ndi timing'alu tina totuluka m'mbali ngati mizu ya chinangwa. Pamene mizere iwiriyo inakumana panali bowo loti n'kulowetsa chala. Ndinaiyeza pathupi langa. Bowolo linagwera pamchombo.

Ndinapita nayo kwa Kwikikwiki. Anaiyang'ana ali chiimire, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Wawononga filimu yaikulu kujambula malaya?"

"Adokotala, onani apa."

"Ndaona. Tiitanitsa ina ku Joni. Pakadali pano imeneyo ikugwirabe, si yonse yang'ambika. Cheza chobwerera m'mbali n'chochepa, Lufeyo, usandiphunzitse. Quick, quick, anthu akudikira."

Sabata inatha, yachiwiri inatha, ya ku Joni osaoneka. Ine ndinayamba ukathyali wanga. Mwana akabwera ndinkatuma aNachisale kukagula shuga, kapena ndinkanena kuti makina atentha, mpaka mayi wa mwana atatopa n'kumugwira yekha. Koma bodza limatha, ndipo kawiri konse anandipeza ndilibe chonena, iwo n'kulowa. Kawiri konse ndinadina, chala chikulemera ngati si changa.

Loweruka masana ndinakwera minibasi kupita kwa a Gondwe, amene anali atatsala pang'ono kupuma ntchito. Ndinawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba, tayi ili pakhosi. Anakweza filimuyo kumwamba, nayang'ana nthawi yaitali. Ndinawauza zonse, osatchula dzina la mayiyo.

"Dokotala wako sananame kwenikweni," anatero. "Kamodzi, n'chochepa. Mwina mwanayo sangaone vuto. Mwina. Koma iwe ukudziwa kuti cheza sichiiwala, cha lero chimasanjikana ndi cha dzulo. Ndipo mayi woyembekezera sayenera kugwira mwana m'chipinda chimenecho ngakhale epuloni itachoka m'pepala lero. Ndinakuphunzitsa zimenezi kapena ndinkaphunzitsa khoma?"

"Munandiphunzitsa, bwana. Koma ndikanena, ntchito yawo yatha. Ndikakana osanena, yatha ndi yanga. Ndichite chiyani?"

"Batani lija amadina ndani?"

"Ine."

"Ndiye wabwera kudzafunsa chiyani? Tenga mpiru uwu ukapatse akazi ako."

Lolemba lake

Cha m'ma teni koloko kunabwera bambo wina wa ku Area 12, wa suti yotuwa, mimba yoyamba kulowa pakhomo mwini wake asanafike. Ananyamula kamtsikana ka zaka zitatu kamene kanagwa pampanda wa maluwa, dzanja litatupa. Kankakuwa moti alonda a kubanki yoyandikana anasuzumira. Bamboyo anakaika patebulo langa, nabwerera pakhomo n'kuyamba kuyankha foni. Namwino anaitana mwa masiku onse, "ANachisale! Ku ekisire!"

Analowa akupukuta manja, natenga epuloni pachitseko, naivala. Mwana anangowaona n'kuyamba kutsitsa kulira. Anamugwira dzanja bwinobwino pamwamba pa kaseti, nandiyang'ana kuti tiyeni.

Ndinachotsa dzanja pabatani n'kuliika m'thumba.

"Mayi, vulani mutuluke."

"A Lufeyo," ananong'ona, "musandichite zimenezi."

"Tulukani. Sindidina muli muno. Lero, mawa, ngakhale mkuja."

Sanasunthe. Mwana anayambiranso. Posakhalitsa Kwikikwiki anatulukira, makutu a chopimira akulendewera pakhosi.

"Chikuchedwetsa n'chiyani? Lufeyo, ukudziwa kuti awa ndi ndani?"

"Ndikudziwa kuti ndi bambo a mwanayu, adokotala. Ndiye amugwire ndi iwo."

"Wapenga? ANachisale agwira ana pano zaka zingati? Lero chasintha n'chiyani?"

Apo ndiye panali pamphambano. Mawu awiri okha, akuti "ndi oyembekezera", akanandipulumutsa, ndipo dokotala aliyense akanandivomereza pomwepo. Ndinayang'ana aNachisale. Maso awo anali pansi. Ndinameza mawuwo. M'malo mwake ndinatsegula diloo, ndinatulutsa filimu ija, ndinaipachika pagalasi lounikira mafilimu limene linayang'ana kukhomo, n'kuyatsa. Mtanda wakuda uja unaonekera mpaka pabenchi ya odikira.

Bambo wa suti anatsitsa foni. "Mulungu wanga. Ameneyo ndi ndani? Ali moyo?"

"Ali moyo, bwana, ndi uyo wakolekedwa pamapewa a mayiwa. Ndi epuloni yathu. Mizere yakudayo ndi misewu imene cheza chimadutsa. Inu mukavala lero, kamodzi pa moyo wanu, palibe chimene chikuchitikireni, ndikulumbira. Koma mayi awa amaivala tsiku ndi tsiku chifukwa cha ana a anthu ena. Mwanayu ndi wanu. Vulani jekete."

M'chipindamo ngakhale mwana anaima kaye kuti amve. Kwikikwiki nkhope inachita kutuwa. Ndinkayembekeza kuti bamboyo andikalipira, poti anthu otere sauzidwa kuvula jekete ndi munthu wa Sitandade 7. Anayang'ana filimu, anayang'ana aNachisale, kenako anatembenukira kwa dokotala.

"Doc, is this true? Mwakhala mukumuveka mayiyu chinthu chobooka?"

"Ina ikubwera, ili m'njira..."

Bamboyo anavula jekete n'kumupatsira dokotala yemweyo kuti agwire. ANachisale anavula epuloni pang'onopang'ono, osandiyang'ana, natuluka. Epuloniyo pamimba ya bwanayo inafika ngati kansalu kodyera ka pakhosi pa khanda, zingwe osakumana kumbuyo. Kugwira mwana samadziwa. Anamugwira ngati wagwira fayilo, mwana n'kumakuwa kuposa poyamba. Tinalimbana mpaka thukuta. Kenako kunja kwa chitseko chotseka kunamveka mawu a aNachisale, akuimba motsitsa kanyimbo kawo kotonthozera. Mwana anatembenuza mutu kumvetsera, dzanja linakhazikika, ndinadina. Fupa linali ndi kamng'alu kakang'ono, koti pulasitala ya masabata ochepa n'kupola.

Madzulo asanakwane Kwikikwiki anandiitana mu ofesi. Sanakuwe.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa odwala anga. Ndikufunsanso kamodzi. Milungu iwiri yapitayi unkadina. Chifukwa chiyani lero?"

"Chala chatopa, adokotala."

"Ndiye chikapume kunyumba. Siya makiyi."

Ndinasiya makiyi, koma filimu ija ndinaisiyanso dala pagalasi, nyali ikuyaka. Potuluka ndinakumana ndi aNachisale pakhonde akufinya mopu. Ndinati tsalani bwino, mayi. Anapitiriza kufinya, osadzutsa ngakhale mutu.

Miyezi ya pakhomo

Inu akuluakulu mukukumbukira chaka chimene tinkadya bonya mpaka mphaka anasamuka. Ndi chimenecho. Amayi anu nditawafotokozera anati, "Ndiye mwataya ntchito chifukwa cha mimba ya mwini wake?" Ndinati inde. Anati, "Bola isakhale yanu." Atatero anapita kukabwereka lichero n'kuyamba kugulitsa zitumbuwa pamsewu, ndipo sanandinenepo za nkhaniyi mpaka lero, kupatula akakwiya.

Ine ndinayenda kufunafuna ntchito. Makiliniki a ku City Centre onse anali atamva kuti kuli mkulu wina wopanda pepala amene amapachika mabwana ake pagalasi. Ndinakonza mawailesi a anthu pakhonde, ndinathandiza wojambula zithunzi za mapasipoti ku Old Town kutsuka mafilimu ake. Namwino wa kukiliniki kuja nditakumana naye pa depoti anandiuza kuti epuloni yatsopano inafika pasanathe milungu iwiri, ndipo pachitseko anamatapo pepala lakuti mwana azigwiridwa ndi kholo lake. Za ku Joni zinali nkhani chabe, inapezeka mu Lilongwe momwemuno. Anandiuzanso kuti aNachisale, mimba itaonekera mwezi wachisanu ndi chimodzi, anauzidwa kuti akapume. Zimene ankaopa zija zinawapezabe. Usiku ndi usana ndinkadzifunsa ngati ndinawathandiza kapena ndinangowafupikitsira njira. Patapita miyezi isanu ndi inayi a Gondwe anandipezera malo pachipatala cha mishoni kunja kwa tauni, kumene ndinagwira mpaka kupuma, koma imeneyo ndi nkhani yopanda mchere.

Ndisananyamuke kupita kumishoniko, ndinapita kumsika waukulu wa ku Old Town kukagula nsapato za kaunjika. Ndikudutsa pamzere wa tomato ndinamva, "A Lufeyo, mwayamba kudutsa anthu ngati mitengo?"

Anali aNachisale, atakhala pa kampando kuseri kwa milu ya tomato, ataonda pang'ono, kumbuyo kuli kamutu kovala chipewa choluka. Ndinapereka moni mwamantha, poti mawu awo otsiriza kwa ine anali aja a m'chipinda.

"Ntchito tonse tinataya," anatero. "Inu mwa dala, ine mwa mimba. Ndinakukwiyirani, musaganize kuti ayi. Mpaka pano ndikaganiza za mopu wanga mtima umandiwawa."

"Pepani, mayi."

"Pepani wa chiyani? Adokotala anakufunsani kawiri, namwino anandiuza. Munthu wa pakamwa ngati inu, osanena. Ndinadabwa kuposa tsiku limene ndinabereka."

Anamasula chitenje, namutembenuzira kutsogolo mwanayo, nandipatsira. Kamtsikana, kolemera bwino, masaya ngati mabanzi. Ana anga, sindikuuzani kuti ndinapulumutsa mwana ameneyo. A Gondwe anati mwina, ndipo mwina ndi mwina. Kapena akanabadwa chimodzimodzi ine nditadina mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi. Palibe makina ojambula zimene zikanachitika. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinaima pakati pa msika, anthu akundigunda ndi mabasiketi, ine n'kumafunyulula timanja take ndi kuwerenga zala chimodzichimodzi. Nditamaliza ndinavula timasokosi n'kuyamba za kumapazi.

"Zakwana?" anafunsa mayi ake.

"Zakwana."

"Ine ndinawerenga kale, kambirimbiri. Bweretsani mwana wanga, mugule tomato. Ndipo musayembekeze basera."